Isoenzyme si chizindikiro cha matenda, Akonzi

Akonzi,

Ndiloleni kadanga pa tsamba la makalata. Ndine bambo wopuma pantchito. Ndinagwira mu labotale za zipatala zaka 31, kuchokera nthawi yomwe tinkakoka madzi a magazi ndi pakamwa pa kapaipi kagalasi mpaka kufika makina omwe amalavula okha zotsatira papepala. Masiku ano ndikuweta nkhuku zamazira ku Chinamwali, ndipo tsamba lanu la zaumoyo ndimaliwerenga mpaka kumapeto, magalasi ali pamphuno, cholembera chili m'manja. Mayi akunyumba amati ndimawerenga ngati mphunzitsi wochonga mayeso.

Masabata awiri apitawo munafotokoza mawu omwe amapezeka papepala la zotsatira za magazi. Munachita bwino, chifukwa anthu amatuluka nalo pepalalo m'chipatala ali njenjenje, osadziwa womufunsa. Koma pali malo awiri pomwe cholembera changa chinaima. Poyamba munati ALP ndi enzyme ya chiwindi, ndipo ikakwera ndiye kuti chiwindi chavulala. Pansi pake munati isoenzyme ndi enzyme yomwe yasintha chifukwa cha matenda. Choyambacho chili ndi choonadi chatheka. Chachiwiricho n'chopotoka kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndikanangong'ung'udza ndekha pakhonde n'kuiwala, koma nkhani yanuyo inandilondola mpaka pakhomo.

Lachitatu lapitali, ndisanatsegulire n'komwe nkhuku, ndinamva odi. Anali mayi oyandikana nafe, maso ali psuu, m'dzanja limodzi muli pepala lopindidwa kanayi, m'dzanja linalo nyuzipepala yanu. Mwana wawo wamkazi ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi itatu. Ankadandaula kutopa, mwamuna wake n'kumutengera ku kachipatala kena kolipira, komwe anamuyeza magazi n'kumupatsa pepala popanda womukhazika pansi kumufotokozera.

"Bambo, tationereniko. Akuti chiwindi cha mwana wanga chatha."

"Akutero ndani, mayi?"

"Si nyuzi iyi? Mdzukulu wanganso wafufuza pa foni, akuti zikugwirizana. Bambo ake ayamba kale kufunsa wogula mbuzi kuti tipeze thiransipoti ya ku Blantyre."

Ndinavala magalasi. ALP inali 268, pambali pake chilembo H chosonyeza kuti yakwera, pomwe malire a labotaleyo anali 120. Koma ALT, GGT ndi bilirubin, zomwe zimalira msanga chiwindi kapena njira ya ndulu ikavuta, zonse zinali m'malire. Ndinafunsa ngati maso a mtsikanayo achita chikasu, ngati zikhatho ndi mapazi zikumuyabwa usiku, ngati mutu ukumuwawa kapena nkhope yatupa. Zonse ayi. Ndinawauza kuti ine si dokotala, pepalalo akalionetse kusikelo tsiku lomwelo kwa anamwino omwe akumuona, koma mbuzi ayambe aisiya. ALP ya mayi wa pakati potopa imakwera ndithu, kawiri ngakhale katatu, ndipo yochulukayo imachokera ku nsengwa.

Mayiwo anandiyang'ana ngati ndikuwanyengerera. Nsengwa ilowa bwanji papepala la chiwindi? Limenelo ndi funso labwino, ndipo liwu loti isoenzyme linapangidwa kuti liyankhe funso lotere.

Tiyambire kukhitchini. Mayi aliyense wodziwa kuphika thobwa amaidziwa enzyme, kungoti sanaiitanepo dzina. Phala likapsa amaliphula, kulisiya lizizireko, kenako n'kuthira chimera. Posakhalitsa phala lomwe linali lolimba lija lasungunuka, layamba kutsekemera popanda wothiramo shuga. Yagwira ntchitoyo ndi amylase ya m'chimera, yomwe imadula sitachi kukhala tizidutswa ta shuga. Amadziwanso kuti ukathira chimera phala likuwira, wataya chimera chako. Enzyme ndi puloteni, moto umaipha monga umaumitsira dzira. Liwu loti enzyme linachokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza chomwe chili m'chotupitsa.

Tsono chofunika kuchigwira ndi ichi: mayina a ma enzyme ndi mayina a ntchito. Amylase ndiye kuti wodula sitachi. Alkaline phosphatase, ALP ija, ndiye kuti wochotsa phosphate. Zili ngati kunena kuti telala, kalipentala, mlonda. Makina a mu labotale nawo sawerenga mitu. Amapereka ntchito kwa kadontho ka magazi n'kuyeza kuti yagwirika mwachangu bwanji, ndiye manambala omwe mumaona aja, a U/L, ndi muyeso wa ntchito. Makinawo ali ngati munthu woima kuseri kwa mpanda wa msika, akumva kulira kwa makina osokera. Atha kukuuzani kuti lero atelala achuluka. Sangakuuzeni ngati abwera ndi a ku Songani kapena a ku Jali.

Ma isoenzyme ndiwo atelala a midzi yosiyanawo. Ndi ma enzyme a m'thupi limodzi, ogwira ntchito imodzi, odziwika ndi dzina limodzi, koma mamangidwe awo ndi osiyana ndipo kawirikawiri amakhala m'ziwalo zosiyana. Chiyambi cha liwuli, iso, ndi Chigiriki chotanthauza kulingana. Analipanga ndi Clement Markert wa ku America ndi mnzake Freddy Møller mu 1959. Sanali kuyang'ana odwala. Ankayang'ana ziwalo za nyama zabwinobwino, zazikulu ndi zomwe zikali m'mimba, n'kupeza kuti enzyme yomwe aliyense ankaiyesa imodzi ili ndi mitundu ingapo, chiwalo chilichonse ndi kasakanizidwe kake. Inu Akonzi, ine, ndi khanda lobadwa lero, tonse tili ndi ma isoenzyme. Matenda sawapanga. Chomwe matenda amachita n'kung'amba maselo a chiwalo china, za m'katimo n'kutayikira m'magazi, ndipo tikadziwa kuti yatayika ndi isoenzyme iti timadziwa khomo lomwe lathyoledwa.

Anawaona bwanji, popeza onse ntchito yawo ndi imodzi? Mu 1955 Oliver Smithies, akugwira ntchito ku Toronto, anapeza njira yolekanitsira mapuloteni powayendetsa ndi magetsi m'phala la sitachi louma ngati jelo. Mwini wake ankanena kuti nzeruyo inachokera pokumbukira sitachi yomwe mayi ake ankathira zovala iye ali mwana, yomwe ikazizira inkagwirana. Amene tinavalapo khaki wothira sitachi tikuidziwa. Mu 1957 Markert ndi Robert Hunter anawonjezerapo nzeru ina: mapuloteni akamwazikana m'jelomo, apatseni ntchito, ndipo thiranipo mankhwala omwe amasintha mtundu pamalo pomwe ntchito ikugwirika.

Ine ndinaziona ndi maso anga pa maphunziro owonjezera a miyezi itatu omwe ndinapita kunja m'zaka za m'ma 1980, ndipo sindinaiwale. Mphunzitsi anatenga kadontho ka madzi a magazi, kochepa kuposa msozi, n'kukaika pa kachidutswa ka jelo. Analumikiza magetsi mbali zonse ziwiri. Puloteni iliyonse ili ndi kamphamvu kake ka magetsi, ndiye ina imathamangira ku waya wa positive, ina imayenda monyinyirika, ina imatsalira poyambira. Patatha theka la ola anazimitsa. Jelo ili mbee, palibe chooneka, ife ophunzira n'kumayang'anana. Kenako anathira madzi okhala ndi lactate, chomwe enzyme yotchedwa LDH imagwirirapo ntchito, n'kuika pamalo ofunda ngati thupi la munthu. Titabwerako ku tiyi tinapeza mizere isanu yatuluka, ya mtundu wa GV uja timapaka pazilonda. Isanu, kuchokera m'kadontho komwe makina akanangotipatsa nambala imodzi. Lamulo lowerengera ndi loti yomwe yathamanga kwambiri kupita ku positive ndiyo nambala 1.

Chifukwa chake isanu n'chosavuta, mwana wa Sitandade 5 atha kuchipeza. LDH imodzi imamangidwa ndi zidutswa zinayi. Zidutswazo zilipo za mitundu iwiri, H ndi M, mtundu uliwonse ndi gene yake, ndiye kuti malangizo a kamangidwe kake omwe timatengera kwa makolo. Ndilemba gene momwemo, chifukwa ndikalemba majini agogo ena ayesa ndayamba nkhani ya ziwanda. Tengani nyemba zoyera ndi zofiira, muziunjika zinayizinayi, muone milu yosiyana yomwe mungapange: zoyera zokhazokha, zoyera zitatu ndi yofiira imodzi, ziwiriziwiri, yoyera imodzi ndi zofiira zitatu, zofiira zokhazokha. Yakwana isanu. Ya H yokhayokha, LDH1, imachuluka mu mtima ndi m'maselo ofiira a magazi. Ya M yokhayokha, LDH5, imachuluka m'chiwindi ndi m'minofu ya manja ndi miyendo. M'magazi a munthu wabwinobwino LDH2 imaposa LDH1, ndipo madokotala akale akaona LDH1 yadumpha LDH2 ankaganizira mtima. Palinso ina yapadera ya mu mbewu ya abambo, yochokera ku gene yachitatu, koma imeneyo tiisiye.

Ndatchula maselo ofiira mwadala. Kangapo konse ndinalandira botolo la magazi lomwe layenda makilomita ambiri panjinga yamoto, msewu wamabampu, dzuwa likuswa mtengo. Ukalizungulitsa pamakina, madzi apamwamba omwe amayenera kuoneka ngati udzu wouma amatuluka ofiirira. Maselo aphulikira m'botolo. LDH ya magazi amenewo imakwera, potaziyamu nayenso amakwera, chonsecho mwini magaziwo ali kwawo akupalira chimanga. Wodziwa ntchito salemba nambala yotere. Amapempha botolo lina.

Creatine kinase, CK, nkhani yake ndi yomweyo koma zidutswa zake ndi ziwiri, M ndi B, ndiye mitundu imatuluka itatu. MM ndi ya minofu, BB ndi ya ubongo, MB imapezeka kwambiri mu mtima. Mtsempha wa mtima ukatsekeka, CK-MB imayamba kukwera pakatha maola anayi kufika asanu ndi limodzi, imafika pachimake pakatha pafupifupi tsiku limodzi, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu yatsika. Koma CK yonse pamodzi imakwera ndi zinthu zambirimbiri. Mnyamata wosenza matumba a feteleza tsiku lonse, munthu wobayidwa jakisoni wa kwinini m'matako, wakhunyu yemwe wangogwa kumene, onsewo CK yawo imakhala pamwamba mtima uli gwa. Onjezanipo ichi, chomwe mabuku athu akale sankanena: anthu akuda, makamaka amuna, CK yawo imakhala yokwererapo mwachibadwa kuyerekeza ndi azungu, pomwe malire omwe amabwera ndi makina nthawi zambiri anayezedwa pa azungu. Masiku ano, kuyambira cha m'ma 2000, madokotala a mtima amadalira kwambiri troponin. Imeneyo ndi puloteni ya m'minofu ya mtima koma si enzyme, choncho musadzaitche isoenzyme.

Wina afunsa kuti thupi likuvutikiranji kusunga antchito angapo pa ntchito imodzi. Yankho lomwe ine limandikhutiritsa lili pa shuga. Shuga akalowa mu selo, choyamba amamatidwa phosphate kuti asatulukenso, ndipo womata ndi hexokinase. Ya mu ubongo ndi m'maselo ofiira ili ngati mayi wophikira ana: ufa uchepe chotani m'lichero, iye akokolola ndithu, chifukwa ubongo sungagone ndi njala. Imagwira ntchito mwamphamvu ngakhale shuga atachepa kwambiri. M'chiwindi muli mbale wake, hexokinase yachinayi, yomwe imadziwika kuti glucokinase. Iyi ili ngati mwini nkhokwe. Munthu asanadye, shuga wa m'magazi amakhala cha pa 5 mmol pa lita, ndipo glucokinase imangogwira pang'ono. Imafika theka la liwiro lake shuga akafika cha pa 8. Mukamenya nsima ya mitanda inayi shuga n'kusefukira, m'pamene imadzuka n'kuyamba kututira m'nkhokwe ya chiwindi. Chikanakhala kuti chiwindi chili ndi hexokinase yaumbombo ija, chikanamalanda ubongo chakudya pa nthawi ya njala. Glucokinase yomweyo ilinso mu kapamba, ndikunena kapamba wopanga insulin osati uja amatupa ndi malungo, ndipo ndiyo imamudziwitsa kuti shuga wakwera.

Opanga mankhwala amalimbana nawo ma isoenzyme tsiku ndi tsiku. Aspirin, Brufen ndi diclofenac amatseka enzyme yotchedwa COX. COX-2 ndiyo imayatsa kutupa ndi ululu, pomwe COX-1 imathandiza kuteteza khungu la m'kati mwa chifu. Mankhwalawa amamenya onse awiri, n'chifukwa chake womwa diclofenac ngati mtedza amathera ku zilonda za m'mimba. Atapanga mankhwala osankha COX-2 yokha anthu anaomba m'manja, koma amodzi mwa iwo, Vioxx, anachotsedwa pamsika mu 2004 atapezeka kuti akuwonjezera matenda a mtima.

Tsopano kagwiritsidwe ntchito ka liwuli, pomwe ngakhale ophunzira a m'makoleji amapunthwa. Isozyme ndi isoenzyme ndi liwu limodzi. Markert analemba lalifupilo, a zachipatala amakonda lalitalilo, ndipo palibe wolakwa. Chovuta chili pa malire ake. Komiti ya akatswiri a dziko lonse yoona za mayina a ma enzyme inanena mu 1976 kuti liwuli likhale la mitundu yomwe kusiyana kwake kwachokera ku gene, osati yomwe yangokongoletsedwa pambuyo popangidwa. Kwathu ku Dedza pakakhala nkhani ya ufumu safunsa mfunda wokha, poti onse ndi Aphiri kapena Abanda. Amafunsa kuti ndi wa bere liti. Ma isoenzyme enieni ndi a mfunda umodzi, mawere osiyana: gene iyi yabala uyu, gene iyo yabala uyo. Amylase ya m'malovu ndi amylase ya kapamba ndi chitsanzo choyera. N'chifukwa chake mwana wodwala matsagwidi amylase yake imakwera m'magazi kapamba ali bwinobwino.

Pali liwu lina loyandikana nalo, allozyme, lomwe linabwera mu 1969 kuchokera kwa Prakash, Lewontin ndi Hubby, ofufuza tintchentche ta zipatso. Apa gene ndi imodzi, pamalo amodzi, koma kalembedwe kake kamasiyana pang'ono munthu ndi munthu. Komiti ija inawawerengera m'gulu lalikulu la ma isoenzyme, koma mabuku ambiri a lero amawapatula, ndipo ine ndili kumbali ya owapatulawo, chifukwa kwa wodwala kusiyanako n'kwakukulu. Ma isoenzyme asanu a LDH tonse tili nawo. Allozyme, ine ndili ndi yanga, inu muli ndi yanu, malinga ndi zomwe makolo anatisiyira.

Chitsanzo chake chili m'magazi mwathu momwemu. G6PD ndi enzyme yoteteza maselo ofiira. Mtundu wofala padziko lonse umatchedwa B. Kuno ku Africa kuli wina wotchedwa A, womwe pa jelo umathamanga kuposa B ndipo umagwira ntchito bwino, ndi winanso wotchedwa A minus, womwe umafooka msanga. Gene yake ili pa chromosome X, ndiye amuna, omwe ali ndi X imodzi yokha, ndiwo amakhudzidwa kwambiri. Munthu wa A minus amakhala moyo wake wonse osadziwa kanthu, mpaka tsiku lomwe wamwa mankhwala ena monga primaquine kapena dapsone. Maselo ofiira amasweka, maso achikasu, mkodzo bii ngati Coca-Cola. Mankhwala a malungo otchedwa Lapdap, omwe anayesedwaponso kuno ku Malawi, anachotsedwa mu 2008 pa chifukwa chimenechi. Onani tsono kuti ngakhale apa matenda sanasinthe enzyme. Munthuyo anabadwa nayo chomwecho.

Ndibwerere kwa ALP ya mwana wa aneba, popeza ndiyo yandilembetsa kalatayi. ALP ya nsengwa ili ndi gene yake. Ya m'matumbo ili ndi yakenso. Amenewo ndi mawere osiyana, ma isoenzyme osakayikitsa. Koma ya chiwindi ndi ya m'mafupa zimachokera ku gene imodzi, kungoti chiwalo chilichonse chimaiveka tinthambi ta shuga mosiyana. Ndi munthu mmodzi, lero wavala yunifolomu, mawa wavala jekete. Potsata lamulo la komiti ija, ziwirizi si ma isoenzyme enieni, ndipo zotere zimatchedwa ma isoform, ngakhale m'zipatala aliyense amangoti ma isoenzyme a ALP, inenso ndinkatero, ndipo sindingakokere munthu kubwalo pa chifukwa chimenecho. Kale, popanda makina odula, tinkazisiyanitsa ndi moto basi. Ukaika madzi a magazi m'madzi otentha madigiri 56 kwa mphindi khumi, ya m'mafupa yambiri imafa, ya chiwindi imatsalako ndithu. Ukafika pa 65, zonse zatha kupatula ya nsengwa, yomwe imapirira ngati mwala wa pamafuwa. Lero njira yachidule ndi kuyang'ana GGT: ALP ndi GGT zikakwera limodzi, yang'anani kuchiwindi ndi njira ya ndulu, ALP ikakwera yokha, ganizirani mafupa, pakati, kapena msinkhu. Mwana yemwe akukula, makamaka wa zaka 12 mpaka 15 uja mathalauza amamufupikira chaka chisanathe, ALP yake imaposa ya munthu wamkulu kawiri kapena katatu, chifukwa mafupa ali pantchito. Wothyoka mwendo yemwe fupa likulumikizana, chimodzimodzi. Pepala likakhala ndi malire a akuluakulu okha, ana onsewo atuluka ndi chilembo H.

Pali pena pomwe liwuli silifika. Amylase ya m'chimera ndi ya m'malovu anu zimagwira ntchito imodzi, koma sitizitcha ma isoenzyme, poti ina ndi ya mbewu ina ndi ya munthu. Chimodzimodzi LDH ya kachilombo ka malungo, yomwe mitundu ina ya tizipangizo toyezera malungo mwachangu imafunafuna m'kadontho ka magazi a kuchala. Dzina la ntchito ndi lomwelo, koma mwini wake ndi mlendo, ndipo kusiyana kwa mamangidwe ake ndi kumene kumatheketsa kuti kachipangizoko kaigwire osaisokoneza ndi yathu. Ofufuza zamoyo anagwiritsanso ntchito mizere ya pa jelo ija ngati chidindo chosiyanitsira mitundu DNA isanafale. Anachita nazo pa udzudzu wa Anopheles gambiae ndi arabiensis, womwe ndi maso sungausiyanitse. Anachitanso pa mbuna za m'nyanja yathu m'zaka za m'ma 1970, n'kudabwa kuti nsomba zosiyana mitundu chotere ma enzyme awo akungofanana, umboni woti zinagawikana posachedwa.

Mlandu suwola, ndiye ndiulule wanga. Zaka zanga zoyamba pantchito ndinkakhala pa benchi ya chimbudzi, yomwe amapatsa wobwera kumene. Ukapaka pagalasi, kudonthezera ayodini, kuyang'ana pa maikulosikopu, umaona kampira kozungulira kokhala ndi timaso tinayi. Buku linkati ameneyo ndi Entamoeba histolytica, kachilombo koyambitsa kamwazi ndi zithupsa za m'chiwindi. Ndinkalemba dzinalo ndi dzanja lolimba, wodwala n'kukalandira Flagyl, kumamva kuwawa m'kamwa sabata yathunthu. Ndinalemba choncho kosawerengeka. Chonsecho kale mu 1925 Emile Brumpt wa ku France anali atanena kuti pali tizilombo tiwiri tofanana nkhope, kena koopsa kena kofatsa, ndipo kofatsako anakatcha Entamoeba dispar. Anthu sanamumvere, poti pa maikulosikopu panalibe chosiyanitsa. Anadzamuombola ndi ma isoenzyme. Kuyambira mu 1978 Peter Sargeaunt ndi anzake ku London, kenako mogwirizana ndi ofufuza a ku Durban, anayendetsa pa jelo ma enzyme a tizilomboti, kuphatikizapo hexokinase, n'kupeza kuti tochokera kwa odwala kamwazi mizere yake ndi ina, tochokera kwa anthu ambiri osadwala mizere yake ndi inanso. Mu 1997 bungwe la WHO linavomereza kuti ndi mitundu iwiri, ndi kuti woyang'ana pa maikulosikopu azilemba mayina onse awiri pamodzi popeza sangadziwe kuti waona kati. Kofala kwambiri ndi kofatsako. Ndiye ambiri mwa omwe ndinawalembera dzina loopsa lija ayenera kuti ananyamula mlendo wosalakwa, ndipo chomwe chinkawapweteka m'mimba chinali china chomwe sitinachifufuze. Ndikakumbukira, tiyi amandizizirira m'kapu.

Pempho langa ndi ili, Akonzi. Konzani ziganizo ziwiri zija, ndipo mukonzere pa tsamba lomwelo la zaumoyo, osati pa kangodya ka pansi pa zotsatsa malonda komwe palibe amafikako. Liwu loti isoenzyme musavutike kulisandutsa Chichewa ndi liwu limodzi. Ndayesa usiku wathunthu, zonse zomwe ndapeza zikumveka ngati dzina la gule. Lisiyeni momwemo n'kulifotokoza: ndi ma enzyme a ntchito imodzi m'thupi limodzi, omangidwa mosiyana, omwe munthu aliyense amabadwa nawo, ndipo kawirikawiri chiwalo chilichonse chili ndi wake. Pa ALP onjezani mzere umodzi woti imachokeranso ku mafupa, m'matumbo ndi ku nsengwa, ndipo mwa ana okula ndi amayi oyembekezera imakwera popanda matenda. Muwauzenso owerenga kuti mayi woyembekezera yemwe zikhatho ndi mapazi zikumuyabwa usiku, kapena maso achita chikasu, asadikire tsiku la sikelo, chifukwa pamenepo chiwindi chikhoza kukhaladi pamavuto. Ngati mtolankhani wanu akufuna, abwere ku Chinamwali tikhale pansi ndi nyemba zoyera ndi zofiira, ndimuonetse milu isanu ija.

Mtsikana uja anapita kusikelo tsiku lomwelo. Anamwino anamuyeza BP ndi mkodzo, n'kumvetsera mwana, zonse zili bwino. Kutopa kuja anati magazi achepako pang'ono, anamuwonjezera mapiritsi a ayironi, ndipo ALP adzaionanso pakatha miyezi ingapo atachira. Mbuzi sinagulitsidwe. Dzulo inadula chingwe n'kudzandithera madeya a nkhuku.

Ine wanu,
Wa labotale wopuma,
Chinamwali, Zomba